Lamba wa taimingi ndi watsopano, nanga nyali ya injini yayakiranji?

Kawirikawiri pa galaja yanga pano pa Dedza pamafika munthu nkhope itagwa. Wangolipira kumene ndalama zambiri kuti amusinthire lamba wa taimingi, koma asanafike n'komwe pa Linthipe, kanyali kachikasu kooneka ngati injini kaja kayaka. Ambiri amabwera atazula kale waya wa batire kuti kazime. Chonde, abale anga, musamatero. Mukazula batire mumafufuta uthenga umene kompyuta ya galimoto inasunga, ndiye ife amakaniko timangoyamba kupapasa.

Yambani mwaonetsetsa kuti yayakayo ndi nyali iti. Hilux ndi Hiace za dizilo za injini ya D-4D yokhala ndi lamba zili ndi nyali yolembedwa T-BELT, imene imangowerenga mtunda n'kuyaka pa makilomita 150,000. Iyoyo sidziwa kuti lamba wasinthidwa, imafuna makaniko aizimitse yekha. Ngati ndi imeneyo, mtima m'malo.

Ya injini ndiye ina. Lamba uja amalumikiza crankshaft, imene ili pansi ndipo imayendetsedwa ndi mapisitoni, ndi camshaft ya pamwamba, imene imatsegula ndi kutseka mavalavu. Crankshaft ikazungulira kawiri, camshaft imazungulira kamodzi, osaposa, osachepera. M'injini zambiri za masiku ano iliyonse ili ndi sensa yake youza kompyuta pamene yafika. Lamba akamangidwa ataphonya dzino limodzi lokha, galimoto imatha kulira ndithu, n'chifukwa chake makaniko wothamangira ntchito ina amakupatsani makiyi ali wokhutira. Koma masensa awiriwo sagwirizananso. Mukaika makina oyezera pa pulagi ya mabowo 16 imene imakhala pansi pa chiwongolero, nthawi zambiri mumapeza nambala ya P0016. Mwini galimoto amamva yekha: injini ikunjenjemera ikaima, ikuchedwa kulira m'mawa kukazizira ngati mmene kumachitira kuno mu June, mafuta akutha msanga, ndipo minibasi yosenza mbatatesi ndi kabichi kuchokera pa Lizulu ikulephera kachitunda kamene kale inkakwera osasintha giya.

Dzino limaphonyeka bwanji? Nthawi zina mamaki a pa mapule, timagudumu timene lamba amayendapo, sanalunjikitsidwe bwino. Koma chimene chimandipweteka mtima n'chakuti anthu amagula lamba watsopano n'kubwezera tensioner yakale, chitsulo chokoka lamba kuti alimbe, pofuna kupulumutsa ndalama. Tensioner yotopa siikoka lamba mokwanira, ndiye ngakhale anamangidwa molondola, amalumpha yekha pa msewu. Oilo wodontha pa silo ya camshaft nayenso amafewetsa lamba mpaka mano kuyamba kusosoka.

Si nthawi zonse pamene nkhani imakhala yaikulu chonchi. Kuti afike pa lamba, makaniko amamasula zinthu zambiri, ndipo pulagi ya sensa imatha kuiwalika, kapena kulowa theka, kapena waya wake kupanidwa ndi chivundikiro. Pamenepo makina amaonetsa P0340 ngati ndi ya camshaft, P0335 ngati ndi ya crankshaft. Ndaonapo anthu akugula sensa yatsopano pomwe vuto linali kaloko ka pulagi kothyoka ndi ukalamba.

Nyali ikayaka osaphethira, ndipo injini ikumveka bwino, yendetsani pang'onopang'ono kubwerera kwa amene anamanga lambayo tsiku lomwelo. Musakayese nayo chitunda cha Khwekhwelere pochokera ku Golomoti. Ikamaphethira, ndiye kuti silinda ina sikuwotcha mafuta, ndipo petulo wosapsayo akukawononga catalytic converter, chitsulo cha pa ekizosi choyeretsa utsi. Imani, zimitsani injini, ikokedwe. M'injini zambiri pisitoni ndi valavu zimadutsa malo amodzi mosinthana, kotero lamba akalumpha mano angapo zimawombana, mavalavu n'kupindika, ndipo mtengo wake umaposa wa lamba uja kutalitali.

Mukafika ku galaja, pemphani kuti nambala iwerengedwe ndi kulembedwa isanafufutidwe. Kenako atsegule chivundikiro, azungulitse crankshaft ndi sipanala kawiri kathunthu, mamaki onse abwerere pamalo pake inu mukuona. Ikalimba penapake pozunguza, asakakamize. Ngati mamaki ali bwino koma injini ikunjenjemerabe, ayeze kompuresheni, mphamvu yopanikiza mpweya, ya silinda iliyonse asanakugulitseni chitsulo china chilichonse.