Mphindi 10 zofotokozera kafukufuku wa chaka chonse

Nthawi yoti ophunzira a m'makoleji afotokoze kafukufuku wawo pamsonkhano wa aphunzitsi ndi akatswiri ikayandikira, ambiri amachezera usiku wonse kukongoletsa masilaidi pakompyuta, osadzifunsa kuti omvera akadzatuluka m'holo adzakhale atagwira mfundo iti. Kwa zaka zimene ndakhala ndikupereka malikisi pamisonkhano yotere kuno ku Dedza, ndaona kuti zinthu zimayamba kusokonekera pamenepa.

Mtsikana wina, wakhama ndithu, anafufuza za zojambula zamakedzana za pamiyala ya ku Chongoni, ndipo anapatsidwa mphindi 10. Ziwiri zinathera popereka ulemu kwa akuluakulu mmodzimmodzi. Zina zisanu anafotokoza kuti bungwe la UNESCO, loona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe pansi pa United Nations, linaika Chongoni m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 2006, kuti kuli malo 127 a zojambulazi, ndiponso kuti zofiira zimadziwika kuti ndi za Akafula pomwe zoyera ndi za Achewa ndipo zimakhudza chinamwali ndi Nyau. Zonsezi n'zoona, koma ambiri m'holomo ankazidziwa kale. Zimene iye yekha anatola pocheza ndi amayi achikulire a m'midzi yozungulira anaziyamba wapampando atakweza kale kapepala kosonyeza kuti nthawi yatsala pang'ono, ndipo anazithamangitsa mawu akunjenjemera.

Choncho yambani ndi funso limene munkafuna kuyankha, kenaka nenani chimene mwapeza, ndipo pambuyo pake fotokozani njira imene munatsata, anthu angati munacheza nawo komanso chifukwa chimene munasankhira amenewo. Ulemu ndi wofunika, koma "Zikomo a wapampando, aphunzitsi athu ndi nonse muli pano" n'zokwanira.

Ngakhale mudzalankhule m'Chingerezi, yesani kaye kufotokozera agogo kapena azakhali anu m'Chichewa. Ngati mlimi wa mbatata ya kachewere ku Bembeke sangamve chimene mwapeza pa matenda a chiwawu, kawirikawiri vuto si chilankhulo ayi, koma kuti inuyo simunaimvetse bwino mfundo yanu. Mukatero, imirirani n'kulankhula mokweza katatu konse, foni ikuwerenga nthawi, chifukwa kuwerenga chamumtima kumanamiza: zimene mumaganiza kuti ndi mphindi 8 zimapezeka kuti zadutsa 10.

Za masilaidi sindichulutsa. Akhale ochepa, a zilembo zoti wa kumpando wakumbuyo aziona, ndipo musawawerenge mutafulatira anthu. Mfundo zikuluzikulu mukhale nazonso papepala, popeza magetsi akhoza kuzima pulojekita itangoyaka kumene.

Pa mafunso m'pamene ophunzira athu amagwa kwambiri, mwina chifukwa tinaleredwa kuti wamkulu satsutsidwa. Mphunzitsi akangokayikira chiwerengero china, wophunzira amafulumira kunena kuti "Pepani, ndikakonza," ngakhale chiwerengerocho chili cholondola. Aphunzitsi ena amafunsa dala kuti aone ngati ntchitoyo ndi yanudi. Bwerezani funsolo m'mawu anu kuti mutsimikize kuti mwalimva, ndipo ngati muli ndi umboni, yankhani mwaulemu kuti, "Zikomo aphunzitsi, koma zimene ndinapeza kumudzi kuja zikusonyeza izi," n'kutchula tsamba. Ngati mbali imeneyo simunaifufuze, nenani choncho mosabisa, ndipo lembani funsolo mukope lanu wofunsayo akuona.