Mbiri ya mapulani otumiza anthu ku Mars

Kuno ku Mchinji nkhani ya ulendo wa ku Mars imabuka kawirikawiri achinyamata akaonera pa foni roketi ya kampani ya SpaceX ikuyesedwa ku Texas, ndipo imagawa anthu pawiri. Ena amakhulupirira kuti ana amene ali kusekondale lero adzaona munthu akuponda pulaneti lofiiralo asanamere imvi, pomwe ena, makamaka akuluakulu, amati amenewo ndi maloto a anthu olemera amene sadziwa mtengo wa thumba la feteleza. Mkanganowu ndi wakale kuposa mmene ambiri amaganizira, ndipo munthu akaulondola bwino amapeza kuti mapulani onse akhala akugwera pa chinthu chimodzi, chomwe ndi kulemera kwa kamba wa paulendo, ndiye kuti mafuta, madzi, chakudya ndi mpweya wopuma, pamodzi ndi ndalama zonyamulira zonsezo.

Pulani yoyamba yowerengetseredwa mwaukatswiri inasindikizidwa mu 1952, ndipo mwini wake anali Wernher von Braun, injiniya wa ku Germany amene pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse anapanga maroketi a V-2 omwe anapha anthu ku London, ndipo akaidi ambiri anafa pa ntchito yokakamizidwa yowapanga. Mbali imeneyi ya moyo wake siyenera kubisidwa ngakhale kuti dziko la America linamutenga mu 1945 n'kumupatsa ntchito yapamwamba. Iye anafuna kutumiza zombo khumi ndi anthu 70, ndipo zombozo zikanalumikizidwa mumlengalenga maroketi atanyamula zipangizo maulendo pafupifupi 950. Ankaganiza kuti mpweya wa ku Mars ndi wokwanira kuti chombo cha mapiko aakulu chitere ngati ndege. Mu Julayi 1965 chombo chopanda anthu cha Mariner 4 chinadutsa pafupi ndi Mars n'kutumiza zithunzi za nthaka youma, yodzala ndi maenje, komanso chinasonyeza kuti mpweya wakumeneko ndi wopyapyala kwambiri, wosafika gawo limodzi mwa magawo 100 a mpweya wathu. Mapiko aja anathera pomwepo.

Nthawi yomweyo, tsidya lina la malire athu a ku Mwami, kunali munthu amene ankalankhula za Mars. Edward Makuka Nkoloso, mphunzitsi wa ku Zambia amenenso anamenyera nawo ufulu wa dziko lake, analengeza mu 1964, chaka chimene Zambia inalandira ufulu wodzilamulira, kuti akuphunzitsa achinyamata pafupi ndi Lusaka kuti apite kumwezi ndi ku Mars. Ankawalowetsa mumgolo wachitsulo n'kuwagubuduza pachitunda kuti azolowere chizungulire, ndipo anapempha bungwe la UNESCO mapaundi 7 miliyoni omwe sanapatsidwe. Atolankhani akunja anamuseka kwambiri. Ndi zoona kuti analibe roketi yoti n'kuuluka, koma ine ndimaona kuti mfundo yake yaikulu, yakuti munthu wa muno mu Africa ali ndi ufulu wolingalira za kumwamba mofanana ndi wa ku Washington kapena wa ku Moscow, inali yolondola ndipo siinachepe mphamvu mpaka lero.

Neil Armstrong ndi Buzz Aldrin ataponda pamwezi mu Julayi 1969, von Braun anabweretsa pulani ina yoti anthu anyamuke mu 1981 n'kukafika ku Mars mu 1982 pogwiritsa ntchito mainjini a nyukiliya. Boma la America la Pulezidenti Richard Nixon, lomwe linali kuwononga ndalama zambiri pa nkhondo ya ku Vietnam, linakana, ndipo mu 1972 linasankha kupanga chombo chongozungulira pafupi ndi dziko lapansi. Kuyambira Disembala wa chaka chimenecho palibenso munthu amene waponda pamwezi. Mu 1989 Pulezidenti George H. W. Bush anadzutsanso nkhani ya Mars, koma bungwe la America loona za mumlengalenga la NASA litawerengetsera linapeza kuti ntchitoyo ingadye madola pafupifupi 500 biliyoni, ndipo aphungu a nyumba ya malamulo ya dzikolo anakana kupereka ndalamazo.

Kuti timvetse chifukwa chake mtengo umakwera chonchi, tiyenera kuona mmene ulendowo ulili. Dziko lathu ndi Mars zonse zimazungulira dzuwa, koma pa liwiro losiyana, motero mtunda wa pakati pake umasintha kuchoka pa makilomita pafupifupi 55 miliyoni kufika pa 400 miliyoni. Mpata wabwino wonyamukira umabwera kamodzi pa miyezi 26 iliyonse, ndipo amene wauphonya amafanana ndi mlimi amene waphonya mvula yobzalira, chifukwa sangachitire mwina koma kudikira nyengo ina. Kupita kokha kumatenga miyezi isanu ndi umodzi mpaka isanu ndi inayi, ndipo ofika kumeneko ayenera kukhala miyezi yoposa khumi ndi iwiri kudikira mpata wobwerera, moti ulendo wonse umayandikira zaka zitatu. Pa nthawi yonseyi palibe wowabweretsera chakudya, ndipo wina akadwala, uthenga wa pa wailesi umatenga mphindi zitatu mpaka 22 kuti ufike kuno, yankho nalonso n'kutenga nthawi yomweyo. Chovuta koposa ndi mafuta obwererera, pakuti kilogalamu iliyonse yoti ikatere ku Mars imafuna makilogalamu ambiri a mafuta oikankhira kuchokera pansi pano.

Apa ndi pamene ganizo la Robert Zubrin ndi David Baker, mainjiniya a ku America, linasintha kaganizidwe ka anthu mu 1990. Iwo anati mafuta obwererera asanyamulidwe kuchokera kuno, koma akapangidwe komweko. Mpweya wa ku Mars, ngakhale ndi wopyapyala, pafupifupi wonse ndi carbon dioxide, ndipo ukasakanizidwa ndi hydrogen umatulutsa methane, amene ndi mafuta a roketi, ndi madzi, madziwo n'kupereka okosijeni woyatsira mafutawo. Choncho chombo chopanda anthu chitsogole, chikadzaze matanki ake, ndipo anthu anyamuke pokhapokha atatsimikiza kuti chowabwezera kwawo chakonzeka. Kwa ine ili ndi ganizo lanzeru kuposa onse m'mbiri imeneyi, chifukwa linalimbana ndi gwero lenileni la vutolo m'malo mongopempha maroketi aakulu ndi ndalama zochuluka. Gawo lina la ganizoli layesedwa kale: kachipangizo kotchedwa MOXIE, komwe kanapita ndi galimoto yofufuzira ya Perseverance imene inatera mu Febuluwale 2021, kanapanga magalamu 122 a okosijeni kuchokera ku mpweya wa ku Mars. Ndi ochepa zedi, pakuti roketi yobweza anthu ingafune matani makumi angapo, komabe zinatsimikiza kuti njirayo ndi yotheka.

Thupi ndi maganizo a munthu nazo zayesedwa. Valeri Polyakov wa ku Russia anakhala masiku 437 m'chombo cha Mir mu 1994 ndi 1995, ndipo ku Moscow amuna asanu ndi mmodzi anatsekeredwa masiku 520 kuyambira mu 2010 poyerekeza ulendo wa ku Mars. Kunabweranso ena olonjeza zosatheka, monga bungwe la ku Netherlands la Mars One lomwe linalemba anthu ofuna kupita osadzabweranso, koma linagwa mu 2019 lisanapange chombo ngakhale chimodzi. Elon Musk, mkulu wa kampani ya SpaceX, anafotokoza pulani yake mu 2016 ku Guadalajara m'dziko la Mexico, ndipo roketi yake ya Starship imagwiritsa ntchito methane pa chifukwa chomwe chija cha Zubrin, ngakhale kuti zaka zimene iye wakhala akutchula zakhala zikusunthira kutsogolo.

Zinthu ziwiri zidakali zosathetsedwa. Choyamba ndi cheza choopsa cha mumlengalenga, chomwe chombo chonyamula galimoto yofufuzira ya Curiosity chinayeza paulendo wake wa ku Mars, asayansi n'kupeza kuti kupita ndi kubwerera kungawonjezere chiopsezo cha khansa. Chachiwiri chimakhudza ntchito imene alimi a mtedza ndi soya a ku Mkanda ndi ku Kapiri amaidziwa bwino, ndiyo ulimi. Mu 2008 chombo cha Phoenix chinapeza m'dothi la ku Mars mchere wotchedwa perchlorate, womwe ndi woopsa ku thupi la munthu, ndipo dothilo lilibe manyowa kapena tizilombo towoletsa zinyalala. Lisanabzalidwe mbewu liyenera kutsukidwa ndi madzi ambiri, madziwo ayenera kukumbidwa ali oundana pansi pa nthaka n'kusungunulidwa ndi magetsi, ndipo magetsi a dzuwa sadalirika kumeneko chifukwa fumbi limatha kuphimba pulaneti lonse kwa milungu ingapo, monga linachitira mu 2018 pamene galimoto yofufuzira ya Opportunity inazima osadzukanso.