Likulu linapita ku Lilongwe, mthunzi unatsala ku Zomba

Mu 2025 zinakwana zaka 50 chisamukire likulu la dziko lino kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe. Ine zikadandidutsa osazindikira pakadapanda akazi anga. Kuyambira 2021, pomwe mitengo ya m'mbali mwa msewu wa Kenyatta inagwetsedwa kuti msewuwo ukulitsidwe, iwo sanasiye kudandaula kuti Lilongwe ndi mzinda wodana ndi munthu woyenda pansi. Anthu anakangana kwambiri nthawi imeneyo, ena akulira mthunzi, ena akuti mzinda sungakule utakumbatira mitengo. Ndiye tinagwirizana kuti tikaone mzinda umene unasiyidwa uja, galimoto tikaiimike pamalo ogona, Loweruka ndi Lamulungu tiyende wapansi.

Tinanyamukira pamsika m'mamawa, fungo la matemba a ku Chilwa lili m'mphuno, akabaza akutiitanira uku ndi uku. Titangoyamba kukwera mtunda wolunjika kuphiri, phokoso lonse linatsalira m'munsi. Tinafika pa Masongola, nyumba ya nsanja zosongoka imene John Buchanan anamanga mu 1886 kuti muzikhala kazembe wa Britain, ndipo Harry Johnston, mkulu woyamba wa boma la atsamunda, anadzakhalamo Zomba itakhala likulu mu 1891. Pafupi pomwepo pali munda wa mitengo ndi maluwa umene unayambika m'masiku a Johnston omwewo, m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi. Kuchoka apo kukafika ku Nyumba ya Malamulo yakale, thukuta silinayambe n'komwe kutuluka. Boma lonse la Nyasaland linkakwanira paulendo umene munthu angayende asanamwe tiyi wam'mawa.

Zaka zapakatizi, za abwanamkubwa obwera ndi kupita, ndizidumpha. Nkhani yeniyeni ili pakati pa 1965 ndi 1968.

Zimene tinamva tili ana n'zoti Kamuzu analota maloto atatu ali m'ndende ya Gwelo, komwe anatsekeredwa mu 1959 mpaka 1960: kusamutsira likulu ku Lilongwe, kumanga yunivesite, ndi kulambula msewu wa m'mbali mwa nyanja. Mboni ya malotowo ndi mwini wake yekha, ndipo nkhaniyo inakoma kwambiri zonse zitatheka kale, choncho ndimaimva ngati mmene timamvera nthano ya agogo: mwaulemu, koma osalumbirirapo. Zifukwa zimene boma linapereka poyera zinali zomveka ndithu. Zomba inapanikizika ndi phiri, malo okulira ndi ochepa. Ili kummwera, kufupi ndi Blantyre, kumene chuma chonse cha atsamunda chinaunjikana, pomwe Lilongwe ili pakati pa dziko, pachigwa chachonde, ndipo akuti ikadakokera chitukuko ku chigawo chapakati ndi kumpoto. Ena amati chifukwa chenicheni n'choti Kamuzu anali wa ku Kasungu, ndipo ankakokera bulangete kwawo. Zimenezi palibe pepala la boma limene lingavomere, komanso palibe limene lingakane.

Chimene palibe angachikane ndi nkhani ya ndalama. Britain, imene nthawi imeneyo inkathandizira bajeti ya Malawi, inakana kulipira, poona kuti dziko losauka chonchi lili ndi zina zofunika kuposa likulu latsopano. Munthu wina akadagonja pomwepo. Kamuzu anatembenukira kummwera. Mu 1967 Malawi inakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi boma la tsankho la South Africa, chinthu chimene mayiko ena a anthu akuda ankachiona ngati kudya ndi mfiti. Mu 1968 Pretoria inapereka ngongole ya ma rand 8 miliyoni, bungwe la Capital City Development Corporation linakhazikitsidwa kuti liyendetse ntchitoyo, ndipo pulani ya mzindawo inajambulidwa ndi akatswiri a ku South Africa komweko. John Vorster, nduna yaikulu ya South Africa, anabwera ku Malawi mu 1970, Kamuzu n'kukabwezera ulendowo mu 1971.

Ndimachedwa pa chaka cha 1968 chifukwa mapazi a munthu wa ku Lilongwe akulipirabe zimene zinajambulidwa chaka chimenecho. Pulaniyo inamwaza mzinda ngati chimanga cha nkhuku. Old Town uko, City Centre ndi Capital Hill uko, pakati pake nkhalango ya mtsinje wa Lingadzi. Madera anapatsidwa manambala m'malo mwa mayina, ndipo a nyumba zikuluzikulu monga Area 10 ndi Area 43 anayandikira maofesi, pomwe anthu wamba ambiri anakankhidwira kutali ngati ku Area 25. Ofufuza ena amati mipata yobiriwira yolekanitsa olemera ndi osauka ija ndi dzanja lomwelo limene linajambula mizinda ya tsankho. Ena amayankha kuti m'zaka zimenezo akatswiri pafupifupi kulikonse ankakonda mizinda yotayana, ya misewu ikuluikulu ndi mitengo, ndiye si bwino kusenzetsa Pretoria chilichonse. Mbali zonse zili ndi mfundo. Koma kaya cholinga chinali chotani, anajambulira munthu wa galimoto m'dziko limene pafupifupi aliyense ankayenda pansi.

Ndisanamizire kuti Zomba inali paradaiso. Akazi anga ndiwo anandikumbutsa tili m'misewu yamthunzi ya m'mapazi mwa phiri ija. "Abambo, mukuyamikira mitengoyi, koma agogo anu akadafika kuno ngati ndani? Ngati wophika kapena wa m'dimba." Ananena zoona. Azungu ankakhala kumtunda kozizira, ife m'munsi mwa fumbi. Kusiyana kwake n'koti tsankho la ku Zomba linali la mtunda waufupi, ndipo eni ake atachoka, malo anakhalabe ofikika ndi mapazi.

Zotsatira zake n'zodziwika. Chancellor College inasamukira ku Zomba mu 1973, ngati chipepeso. Likulu linachoka mu 1975, koma aphungu anapitiriza kukumana ku Zomba mpaka 1994, ndipo nyumba yawoyawo ku Lilongwe anadzaipeza mu 2010 itamangidwa ndi China. Malo osungira zolemba zakale za boma, ofesi ya kalembera ndi nyumba yosindikizira mabuku a boma zinatsala. Nyumba zina zakale malata achita dzimbiri, utoto ukusendeka, ndipo zimamvetsa chisoni kuziona. Komabe palibe amene anaona chifukwa chozigwetsera kuti pakhale msewu wa mizere isanu ndi umodzi.

Lamulungu masana tinatsika ndi msewu wa ku Blantyre mpaka pa chipilala cha asilikali a King's African Rifles, pafupi ndi Cobbe Barracks. Akazi anga anaima nthawi yaitali akuwerenga mayina a anthu amene anafera pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, kufunafuna dzina la kwawo. Sanalipeze. Pobwerera wakabaza wina anatitsata kamtunda ndithu, akudabwa kuti anthu ovala bwinobwino akuyenderanji pansi dzuwa lonseli, mpaka anatsitsa mtengo kawiri. Akazi anga anavula nsapato imodzi, n'kukutumula kamwala, n'kumuuza kuti tafika kale.