Bawuti wa tayala safuna kupondedwa ndi phazi

Disembala akamayandikira, pagalaja pathu kuno ku Johannesburg pamadzaza magalimoto opita kumudzi, katundu mpaka padenga. Ine ndimayamba kuona mabawuti a matayala, aja okhomeredwa mu habu (chitsulo chozungulira chimene tayala limakhalapo) amene timamangapo manati, omwe amakaniko timati ma stud. Ambiri othyoka amene ndasinthapo anafa chifukwa chomangitsa.

Tayala likaphwa, munthu amalowetsa paipi kusipanala n'kupondapo ndi thupi lonse mpaka nati italira. Apo chitsulo chatamuka, ndipo sichibwereranso. Bawutiyo amaoneka bwinobwino, koma pansi pa mazinga pamakhala patayamba kamng'alu. Galimoto yolemedwa ikagunda dzenje limodzi kuseri kwa Beitbridge, pamalire a South Africa ndi Zimbabwe, amaduka, anzake otsalawo n'kusenza katundu wosakhala wawo. Zimandipweteka mtima, chifukwa mkatimo mumakhala ana.

Kuika watsopano si ntchito yovuta. Chotsani tayala, kalipa ya buleki (chopanira disiki chija) ndi disikiyo. Wothyokayo mutulutsireni kumbuyo kwa habu, koma musachite kum'khoma ngati mukuswa miyala, mungaononge beringi. Watsopano alowere kumbuyo komweko. Kutsogolo ikani mawashala angapo ndi nati yoboola, muzimanga pang'onopang'ono ndi manja, bawutiyo azikokeka mpaka mutu wake utakhala thasa pa habu. Unikani ndi tochi kumbuyoko: pakatsala mpata ngakhale wolowa chikhadabo, adzakhazikika yekha muli paulendo, nati n'kumasuka.

Pogula, tengani wakaleyo popita kusitolo. Toyota zambiri mazinga ake ndi M12 x 1.5, Nissan zambiri M12 x 1.25 (nambala yachiwiriyo ndi kutalikirana kwa mazinga m'mamilimita). Ndi maso simungasiyanitse. Eni galimoto za VW Polo inu, yanu ilibe ma stud, bawuti amalowa yekha mu habu.

Pobwezera tayala, yambani nati iliyonse ndi zala. Mangani modumphitsa, iyi kenako ya tsidya lake, kuti limu likhale mofanana. Tsitsani jeke, mumalize ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, pa muyezo wolembedwa m'buku la galimoto yanu: Corolla imafuna 103 Nm (Nm ndiwo muyezo wa mphamvuyo), Polo 120 Nm. Girizi kapena oilo pamazinga ayi. Muyezowo anawerengera chitsulo chouma, ndiye mukapaka mumangitsa osadziwa.

Mukayenda makilomita 50 mpaka 100, imani muyesenso manati onse. Ngati mwanyamuka ku Joni pa N1, chitani zimenezi musanapitirire Pretoria patali.