Timawu ta Chingerezi tomwe timapunthwitsa ambiri

Pa zaka zonse ndakhala ndikuphunzitsa Chingerezi, ndaona kuti mawu ataliatali savuta kwenikweni. Chimapunthwitsa anthu ndi timawu 9 iti: can, could, may, might, shall, should, will, would ndi must. Mabuku a galamala amatitchula kuti modal verbs. Ntchito yake ndi yofanana ndi ya -nga- wa mu "ndingabwere" kapena mawu oti "ndiyenera": kuonetsa kuthekera, chilolezo, kukayika kapena lamulo.

Kalembedwe kake n'kosavuta. Timawuti sitilandira s kumapeto, ndiye "she can swim", osati "she cans". Mneni wotsatira amabwera wopanda to, ndipo pofunsa safunika do: "Can she swim?" basi.

Cholakwa chomwe ndimachichonga pafupifupi tsiku lililonse ndi "I can be able to come". Sindiwadzudzula kwambiri olemba chonchi, chifukwa gwero lake ndimalidziwa. Ife timati "ndingathe", mmene muli -nga- ndi -tha pamodzi, ndipo zimamveka bwinobwino. Koma Chingerezi chimafuna musankhe chimodzi, can kapena be able to.

Pomwe pamagona nkhani ndi pa must. Wophunzira wanga wina, wogwira ntchito mu ofesi, analembera mnzake yemwe ankadwala kuti "You must not come tomorrow". Iye ankatanthauza kuti mnzakeyo asadzikakamize, apume kaye. Wodwalayo atawerenga anangoti kakasi, kuganiza kuti ntchito yatha. Must not ndi chiletso, ndi "musabwere" weniweni. Mukafuna kunena kuti palibe chokakamiza, lembani "You don't have to come". Vuto limayambira pa "simukuyenera kubwera", amene kwa ife amatha kunyamula matanthauzo onse awiri.

Must yemweyu alinso ndi nkhope ina. "He must be tired" si lamulo loti munthu atope ayi, ndi kungoganizira potengera zomwe mukuona, monga timanenera kuti "ayenera kuti watopa". Ndipo pokamba zadzulo must sasintha n'kukhala musted. Pa must wa lamulo uja mumati "I had to go".

Nanga could ndi would? Mabuku ambiri amangoti ndi nthawi yakale ya can ndi will. N'zoona, koma mu "Could you help me?" mulibe dzulo. Muli ulemu, uja timauika mu "mungandithandizeko". Choncho polembera abwana, "I would like" amafika bwino kusiyana ndi "I want".