Bwinja si khoma logumuka

Pophunzitsa Chichewa ndimakumana ndi ana olemba kuti "nyumba yathu inasanduka bwinja ndi mvula ya usiku", chonsecho kutacha banja lonse linali pomwepo kuumba zidina zina. Ndimawauza kuti nyumbayo inagumuka, koma bwinja ayi. Bwinja ndi malo amene panali anthu, anthuwo n'kuchokapo osabwereranso.

Kale mudzi sunkakhalitsa pamodzi. Maliro akachuluka, nthaka ikaguga, kapena abale akayambana mpaka kulozana ufiti, anthu ankasenza akatundu kukamanga kwina. Potsalapo ndiye pabwinja. Mukafikapo simuona khoma, poti nyumba ya mitengo ndi dothi sichedwa kutha ndi chiswe ndi mvula. Mumadziwira zina: mitengo ya mango itazungulira bwalo lopanda wosesa, mafuwa atatu akuda ndi utsi, mapale a mbiya, mphero yokumbika pakati, nsatsi ndi bonongwe zitamera padzala. Agogo anga ankakonda kubzala maungu pabwinja la makolo awo, chifukwa phulusa ndi ndowe za m'khola lakale zimasiya chonde. Polimapo ankatchula mayina: apa panali pa auje, apo nkhokwe ya auje. Kwa iwo malowo anali adakali ndi eni ake.

Akatswiri ofukula zakale amadalira zizindikiro zomwezi. Ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, komwe kunali likulu la Kalonga wa Amaravi, Dr Yusuf Juwayeyi anafukula mapale, mikanda ya galasi ndi zidutswa za mbale zochokera ku China. Ku Cape Maclear nako, amishoni a Livingstonia anamanga mu 1875, malungo atawavuta n'kusamukira ku Bandawe mu 1881. Manda a anzawo anatsala konko. Palibe mdani amene anagwetsa malo a amishoniwo, anthu anangochoka.

N'chifukwa chake masiku ano mawuwa amagwira ntchito ngakhale pamene njerwa zili chiimire. Mayi akamwalira, ana n'kubalalikira m'matauni, achibale amati "pakhomo paja pasanduka bwinja", malata ali phee padenga, loko ali pachitseko. Amatero ndi msika umene ogulitsa authawa, kapena fakitale imene inatsekedwa, udzu n'kumera pachipata. Ndipo munthu wamkulu akadzudzula mwana kuti "udzasandutsa mudzi uno bwinja", sakuopa kuti agwetsa nyumba. Akuopa kuti khalidwe lake lidzathamangitsa abale.

Pali mawu ena oyandikana nawo amene tisamawasokoneze. Bizinesi kapena sukulu ikamachepa mphamvu pang'onopang'ono timati ikulowa pansi, ndipo pamenepo mpata woitukula ulipobe. Banja kapena mudzi anthu akamagawikana timati ukupasuka. Bwinja limabwera pambuyo pa zonsezi, phokoso litatha.

Chimene chimandiwawa n'kumva mawu olemera chonchi akutayidwa pa chilichonse chowonongeka, mpaka galimoto yochita ngozi. Galimoto imaphwanyika, simunagonemo mibadwo ya anthu. Namondwe Freddy atakokolola midzi ku Mulanje ndi ku Phalombe mu Malichi 2023, ena anabwerera kukamanganso pamalo pawo, ndipo midzi imeneyo ilipo. Koma pali malo ena amene opulumuka anawasiya miyala yochokera m'phiri itakwirira mabwalo awo, iwo n'kukakhala kwina. Amenewo ndiwo mabwinja.