BP siipweteka, vuto lake ndi limenelo

Chimene chimapusitsa anthu ambiri n'choti BP, kuthamanga kwambiri kwa magazi, siipweteka. Munthu ukudya bwino, kuntchito ukupita, koma m'kati magazi akukankha mitsempha usana ndi usiku mpaka mtima kutopa. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mu 2019 anthu pafupifupi 17.9 miliyoni padziko lonse anamwalira ndi matenda a mtima ndi mitsempha. Ndiye musamati "ine ndili bho" musanayezetse. Makina akamaonetsa 140/90 kapena kupitirira pamasiku osiyanasiyana, imeneyo yakwera.

Nkhani yaikulu ndi mchere. Patsiku usamapitirire magalamu 5, kasupuni kamodzi ka tiyi basi, ndipo muwerengerenso wobisala mu buledi, soseji, zam'zitini ndi timakyubu tokometsera ndiwo tija. Pali ena mbale ikangofika patebulo dzanja lili kale pabotolo la mchere asanalawe n'komwe, chizolowezi chimenechi chitheretu. Mchere umasunga madzi m'thupi, magazi amachuluka ndiye mtima umapopa movutikira. Masiku oyamba mudzaona ngati sunakolere koma lilime limazolowera.

Mafuta a nyama ndi zokazinga za daily zimakweza kolesterol, amene amakanirira m'mitsempha ngati dzimbiri mu paipi, njira n'kumachepa. Chulutsani masamba, zipatso, nyemba ndi nsomba, zakumwa zashuga ndi mowa muchepetse.

Za jimu musadandaule nazo. Kuyenda ndawala mphindi 30, masiku 5 pasabata, zakwana mphindi 150 zimene zimafunikazo, bola muzipuma mofulumirako koma muzithabe kuyankhula. Fodya yekha ndiye palibe zochepetsa, n'kusiyiratu, pakangotha chaka chiopsezo cha matenda a mitsempha ya mtima chimatsika ndi pafupifupi theka.

Amene muli pa mankhwala a BP kapena shuga musasiye chifukwa choti mukumva bwino, mukumva bwino chifukwa cha mankhwalawo.

Koma mukamva pachifuwa ngati wina wakuikani chimwala, ululu n'kumapita kumkono, kukhosi kapena kunsagwada, thukuta lozizira, kubanika, musati ndi mpweya wam'mimba ndigone kaye, mwina magazi atsekeka m'mitsempha ya mtima. Azimayi nthawi zina amangomva nseru ndi kutopa kodabwitsa. Pakamwa kupotoka, mkono kufooka mbali imodzi, mawu osamveka, chimenecho ndi sitiroko. Kuchipatala pompopompo, ndipo musayendetse nokha galimoto, wina akutengeni.